Kuthamanga pagulu m'chigwa cha Shire: momwe mungapikisanirane gulu osabalalika

Gulu la othamanga m'mawa limayamba ndi anthu khumi ndi awiri, mwezi usanathe mwatsala atatu. Kawirikawiri vuto si ulesi. Mwapangana ulendo wofatsa wa makilomita 8, koma pa kilomita yachiwiri wina waponya phazi patsogolo pang'ono, mnzake wakana kutsalira, wachitatu naye wakoka, basi wasanduka mpikisano umene palibe anaulengeza. Wakumapeto watsala yekha pakati pa minda ya nzimbe kudakali chisisira, ndipo mawa lake foni sayankha. Kuno ku Chikwawa ndi Nsanje kulinso kutentha: mu Okutobala ndi Novembala masana kumapitirira madigiri 40, moti makani a liwiro amatha kugoneka munthu m'chipatala.

Mtima wofuna kuposa mnzako si woipa, ndi umene umadzutsa munthu 4 koloko m'bandakucha. Chofunika n'kuupatsa malo ake ndi nthawi yake.

## Zoyenera kukhala nazo

- Botolo la madzi la theka la lita kwa aliyense. Ulendo ukamapitirira ola limodzi, pakhale wanjinga woperekeza wonyamula chigubu cha malita 5.
- Mapaketi awiri a Thanzi ORS. Akasowa, sungunulani timasupuni 6 tosasefukira ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere mu lita imodzi ya madzi abwino.
- Malaya owala, oyera kapena achikasu, ndi tochi ziwiri: ina kutsogolo, ina kumbuyo.
- Wotchi kapena foni imodzi yoyezera mtunda ndi nthawi ya gulu lonse. Mafoni awiri sagwirizana pa mtunda, ndipo mikangano yambiri imayambira pomwepo.
- Foni yokhala ndi mayunitsi, momwe muli nambala ya wakabaza wa njinga yamoto amene amadzuka m'mawa.
- Wenzulo.
- Nsapato zosathina. Zapakaunjika zili bwino, bola kutsogolo kwa chala chachikulu kutsale mpata wa chala chimodzi cha kumanja, chifukwa phazi limatupa kukatentha.
- Anthu awiri audindo: wotsogolera ndi wotsekera kumbuyo.

## Tsiku lisanafike

1. Panganani zinthu zinayi usiku wake. Malo, nthawi, mtunda ndi liwiro. Uthenga wa pa WhatsApp ukhale womveka chonchi: "Mawa 4:45 pa Dyeratu, makilomita 8, mphindi 7 pa kilomita, mpikisano kilomita yomaliza yokha." Pa liwiro limenelo aliyense akudziwa kuti akhala panjira pafupifupi mphindi 56, ndipo angathe kusankha yekha kubwera kapena ayi.

Chenjezo: mawu akuti "tithamanga pang'onopang'ono" alibe tanthauzo. Pang'onopang'ono pa mnyamata wosewera mpira m'timu ya m'dera ndi befu lenileni kwa aphunzitsi a zaka 45. Lembani nambala.

Kuyambira Okutobala mpaka Disembala dzuwa limatuluka cha m'ma 5 koloko, choncho konzani zoti mukhale mutamaliza 6:30 isanakwane. Mu Juni ndi Julaye limatuluka cha m'ma 6, mungathe kuchedwerako. Wochedwa mumudikire mphindi 5 basi. Mphindi 20 zodikira munthu pachiyambi mudzazilipira kumapeto, dzuwa lili pamutu.

2. Dziwitsani eni dera. Ngati njira yanu ikudutsa m'midzi kudakali mdima, anthu awiri apite kwa anyakwawa masana, akalonjere, akafotokoze masiku ndi nthawi imene muzidutsa. Auzeninso apolisi a m'mudzi. Kudera kumene anthu amagona khutu lili kukhola poopa akuba ng'ombe, mapazi a anthu asanu ndi atatu othamanga 4:30 m'mawa samveka ngati masewera. Misewu ya m'minda ya Illovo ku Nchalo ndi ya kampani, pemphani chilolezo musanaiyese yanu. Ku Lengwe ndi ku Majete, malo osungirako nyama zakutchire, musalowe mkati mwa mpanda ngakhale mutaona poboola.

## Ponyamuka

3. Lonjeranani, ndipo mlendo mumufunse. Perekani moni wapamanja kwa aliyense, kuyambira akuluakulu. Wobwera koyamba, wotsekera kumbuyo amutengere pambali n'kumufunsa zinthu zitatu: mtunda wautali umene wathamangapo mwezi uno, ngati ali ndi mphumu, BP kapena shuga, ndiponso ngati wadwala malungo posachedwa. Musamufunse pagulu, chifukwa pamaso pa anthu aliyense amati ali bwino. Amene thupi likutentha kapena akumwa mankhwala a malungo abwerere kunyumba.

Werenganani mokweza musananyamuke. Nambala imeneyo ndiyo mudzaifune pomaliza.

4. Makilomita awiri oyamba akhale a wofooka pagulu. Akuluakulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Muyeso wake ndi wapafupi: munthu wakumbuyo kwenikweni azitha kulankhula chiganizo chathunthu osadukiza. Akamayankha ndi "ee" kapena kungogwedeza mutu, mwafulumira, tsitsani.

Chenjezo: musapereke utsogoleri kwa waliwiro kuposa onse. Miyendo yake sidziwa kufatsa, ndipo amaona ngati akuyenda pamene ena akufa. Wotsogolera wabwino ndi amene amatha kusunga mphindi 7 pa kilomita kuyambira yoyamba mpaka yachisanu ndi chiwiri. Wamphamvu uja muikeni kumbuyo, chifukwa ndiye angathe kuthamangira kutsogolo kukanena kuti wina wavulala.

## Pamsewu

5. Dziwani mbali yanu ndipo muzichenjezana. Galimoto m'Malawi zimayenda kumanzere, choncho pa M1 thamangani kumanja, moyang'anana ndi zimene zikubwera, mutandondozana mmodzimmodzi. Awiriawiri ndi m'misewu yafumbi yopanda galimoto basi. Pa mlatho wa Kamuzu palibe kupitirirana. M'makhotolo a phiri la Thabwa, kumene ambiri amakonda kukalimbitsa miyendo, woyendetsa lole yotsika ndi katundu sakuonani mpaka atafika pafupi, ndiye pitani kunja kutayera, ndipo mukamva injini tsikani m'mbali muime.

Wakutsogolo akuwe "Dzenje!", "Galimoto!", "Ng'ombe!", wakumbuyo akuwe "Njinga kumbuyo!", ndipo mawuwo adutse pakamwa pa aliyense mpaka afike kumapeto kwa mzere. Njinga zakapalasa ndizo zoopsa kwambiri m'bandakucha, chifukwa zambiri zilibe nyali, zina mabuleki ndi phazi, ndipo wonyamula matumba a makala sangakhote msanga. Nyengo yodula nzimbe onjezanipo mathirakitala ndi malole. Mukakumana ndi ng'ombe kapena ngolo, yendani mpaka mudutse. Mukabalalitsa ng'ombe, amene akavutike kuzisonkhanitsa ndi kamnyamata koweta. Zomvera nyimbo m'makutu zisiyeni kunyumba.

6. Sungani phewa ndi phewa. Khalidwe limene limakwiyitsa othamanga kuposa lina lililonse ndi la munthu wokhala theka la sitepe patsogolo pa mnzake nthawi zonse. Mnzakeyo akamufika, iye wasunthanso. Palibe amene wanena kuti tiwonjezere liwiro, koma pakatha makilomita atatu mwachoka pa mphindi 7 mwafika pa 6. Ambiri ochita zimenezi sadziwa n'komwe. Muuzeni pomwepo moseka: "Achimwene, phewa lanu likundithawa." Akabwereza kawiri, apite kumbuyo kwa mzere.

Zina ndi zazing'ono koma zimadanitsa. Wofuna kulavula kapena kumina atuluke mumzere, ayang'ane kumene mphepo ikupita. Musatsatire mnzanu mpaka kumuponda chidendene, siyani mpata wa masitepe awiri. Womanga chingwe cha nsapato akweze dzanja n'kupatukira kumbali, asaime pakati. Wopita kuthengo auze wotsekera kumbuyo, gulu liyende pang'onopang'ono mpaka abwere, ndipo ngati ndi mayi, mayi mnzake ndiye amudikire chapatali. Botolo la mnzanu si lanu: pemphani, mwani osaligunditsa kukamwa, ndipo musamalize.

## Anthu amene mukumana nawo

7. Njira ndi ya eni ake, inu mukungodutsa. Munthu wamkulu mukamupeza m'kanjira, tsitsani liwiro mudakali patali, munene "Zikomo amayi, tidutse nawo" kapena "Mwadzuka bwanji agogo". Befu si chifukwa chomanira munthu moni, wakutsogolo alonjere m'malo mwa onse, enanu kwezani dzanja. Chakumunsi ku Bangula ndi Nsanje mawu a Chisena akuti "Muli tani?" (muli bwanji) ndi "Takhuta" (zikomo) amatsegula nkhope za anthu msanga. Mayi wosenza ndowa kapena mtolo wa nkhuni sangatembenuke mwachangu, choncho opatuka ndinu.

Mukaona masamba ataikidwa pamsewu, pali maliro. Imani kuthamanga, vulani zipewa, zimitsani nyimbo ngati wina ali ndi kasipika, yendani mwakachetechete mpaka mupitirire masamba a mbali inayo. Wotchi iimitseni, palibe nthawi imene mukuthamangitsa yoposa ulemu wa pasiwa. Kumanda musadutseko ngakhale njira yachidule ili komweko.

Pamjigo musalumphe mzere wa zidebe. Mmodzi apemphe, "Amayi, tithandizeni madzi a m'botolo", ndipo mnyamata wamphamvu agwire chopopera awapopereko ndowa imodzi. Musasambe pamjigo. Mumtsinje wa Shire ndi m'ngalande zothirira musalowemo kuti mudziziziritse: ku Shire kuli ng'ona ndi mvuu, m'madzi oima muli likodzo.

Ana adzakutsatirani, ena opanda nsapato, ndipo ena adzakupitirirani akuseka. Asekereni, koma pakatha mamita 200 auzeni abwerere, makamaka mukamayandikira tala. Wokuwa kuti "Mukuthawa chiyani?" muyankheni mwanthabwala, "Tikuthawa BP, bwana", n'kumapita. Koma mawu achipongwe kwa amayi a m'gulu si nthabwala. Musaime kukangana, ingosinthani malo kuti amayiwo akhale pakati pa mzere. Amayi ena amakonda kumangira kachitenje pamwamba pa thayiti podutsa m'mudzi, zimenezo asankhe okha, abambo a m'gulu asalamulepo.

Galu akakuthamangirani, imani pamodzi, mumuyang'ane, muchoke chobwerera m'mbuyo. Wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, apite kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa cha chiwewe.

8. Wothamanga wachilendo musamuyese mdani. Mukakumana naye, dzanja m'mwamba ndi "Limbikani!" zakwana. Mukamamupitirira, lankhulani musanamufike kuti asadzidzimuke, ndipo mukadutsa pitirizani liwiro lomwelo. Kupitirira munthu ndi mphamvu zonse kenako n'kufooka patsogolo pake penipeni ndi chipongwe, komanso n'kudzichititsa manyazi.

Iye akakupitirirani, musiyeni apite. Simukudziwa ngati ali pa kilomita yake yoyamba kapena ya 25, kapena ngati akuchita zothamanga ndi kupuma mosinthana. Pano ndi pamene abambo ambiri amagwa: akapitiriridwa ndi mtsikana kapena ndi munthu waimvi, miyendo imangodziyendera yokha, gulu n'kusweka. Ngati mukufunadi kuyesa liwiro lake, pemphani: "Achemwali, ndingatsagane nanu mpaka pamphambano?" Akakana, musafunse chifukwa. Mayi amene akuthamanga yekha musamutsatire kumbuyo mwakachetechete, kaya cholinga chanu ndi chabwino bwanji.

## Malo a mpikisano

9. Lengezani poyambira ndi pothera mpikisano. Pa maulendo asanu, anayi akhale ofatsa. Wachisanuwo, kapena kachigawo kodziwika ka ulendo, ndi pamene aliyense atulutse zonse zimene ali nazo popanda wodandaula. Njira zitatu izi zimagwira ntchito.

Yoyamba ndi kilomita yomaliza. Gulu likafika pachizindikiro chodziwika, kaya ndi mtengo wa mlambe kapena chikwangwani cha sukulu, wotsogolera aimbe wenzulo, ofuna kupikisana apite. Pothera pakhale kutali ndi msika ndi tala. Wotsekera kumbuyo tsiku limenelo sapikisana, n'chifukwa chake udindowu uzisinthana sabata ndi sabata.

Yachiwiri ndi kutembenukira pa nthawi, osati pa mtunda. Nonse munyamukire limodzi mumsewu umodzi wowongoka, aliyense pa liwiro lake, ndipo mphindi 20 zikakwana aliyense atembenuke pamene ali. Wa mphindi 5 pa kilomita adzakhala atapita makilomita 4, wa mphindi 8 atapita awiri ndi theka, koma nonse mudzafika poyambira pafupifupi nthawi imodzi. Waliwiro amakhala ndi anthu oti awathamangitse pobwerera, wofooka amakhala ndi chifukwa chokanira kupezedwa. Pamafunika kuti aliyense akhale ndi wotchi kapena akhale pafupi ndi amene ali nayo.

Yachitatu, imene imakoma kuposa zonse, ndi kunyamuka mosiyana. Kamodzi pamwezi yezani makilomita 5 panjira imodzimodzi. Mwezi wotsatira wa mphindi 35 anyamuke poyamba, wa mphindi 30 anyamuke patapita mphindi 5, wa mphindi 22 adikire mphindi 13. Aliyense akathamanga monga mwa nthawi yake, onse amakumana m'mamita omaliza, ndipo amayi amene anayamba kuthamanga miyezi itatu yapitayo angathe kupambana mnyamata wokonzekera mpikisano wa Porters ku Mulanje. Mnyamatayo sangadandaule, chifukwa wathamanga ndi mtima wonse. Chenjerani ndi ochenjera: alipo amene amafooka dala tsiku loyeza kuti mwezi wamawa adzanyamuke msanga. Mankhwala ake n'kutenga nthawi yabwino koposa pa miyezi itatu yapitayi.

Okonda bwalo la mpira akumbukire kuti kuzungulira bwalo lalikulu motsata mizere ndi mamita pafupifupi 350, osati 400 ngati bwalo la mpikisano. Musadzitame ndi nthawi ya mtunda umene simunauyeze.

Kunyozana kwa nthabwala ndi mchere wa gulu, koma kukhale pa liwiro basi. "Lero mwaona msana wanga, madala" palibe vuto. Mimba ya munthu, msinkhu wake, nsapato zake zong'ambika, mtundu wake, zimenezo ayi.

10. Kutentha kukalowa, mpikisano watha. Munthu wamakani sanena kuti watopa, ndiye yang'ananani. Wina akamva mutu, chizungulire, mseru, tsembwe dzuwa likuswa mtengo, kapena minofu kukokana, aime pamthunzi, amasule zovala, amwe Thanzi pang'onopang'ono. Akayamba kudzandira, kuyankhula zosamveka, kukwiya popanda chifukwa kapena kusazindikira kumene ali, ndi ngozi yoika moyo pachiswe. Mugonekeni pamthunzi, muthireni madzi thupi lonse, makamaka m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche, mukupizeni ndi malaya, wina akuimba foni yofuna thiransipoti. Pitirizani kumuziziritsa m'njira. Amene sakuzindikira bwino musamumwetse kanthu, angatsamwe. Dziwiranitu chipatala chapafupi ndi njira yanu: cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje, St Montfort ku Nchalo, cha ku Ngabu, kapena Trinity ku Muona kwa a kutsidya kwa Shire.

Wonena kuti "pitani, ndikupezani" musamumvere. Munthu mmodzi atsale naye.

## Pomaliza

11. Ofika msanga abwerere kukatenga otsala. Pumani mphindi imodzi, imwani madzi, kenako bwererani chothamanga pang'ono mpaka mukumane ndi womaliza, mubwere naye limodzi. Muthamange pambali pake, osati patsogolo, ndipo musamulalikire za kathamangidwe pamene mpweya wamuthera. Werenganani. Nambala ikafanana ndi ya poyamba, ndiye ulendo watha.

Wopambana ayambe ndiye kupereka dzanja. Wogonja anene "Mwandiposa lero" n'kusiyira pomwepo, osayamba kufotokoza za nsima imene anadya mochedwa usiku. Pa WhatsApp lembani mtunda wa gulu ndi mayina a onse amene anabwera. Nthawi ya munthu ndi chithunzi chake muike pokhapokha atavomera, chifukwa si aliyense amafuna kuti a kuntchito kwake amuone ali thukuta kamukamu. Ngati pali msonkhamsonkha wa madzi, nthochi kapena thobwa, ukhale wochepa woti mwana wasukulu angakwanitse, ndipo wosunga ndalama azinena zimene zalowa ndi zotuluka mwezi uliwonse.

## Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Kudikira wotsalira, iye akangofika n'kunyamuka. Inu mwapuma mphindi zitatu, iye sanapume n'kamodzi komwe. Werengani mphindi imodzi yathunthu kuchokera pamene womaliza wafikira.

Kufuna nthawi ya ku Blantyre muli ku Ngabu. Thupi likatentha, magazi ambiri amapita kukhungu kukaliziziritsa, mtima n'kumagunda kwambiri pa liwiro lomwe lija. Kutsika liwiro mu Novembala si kufooka. Yerekezani nthawi ya Novembala ndi ya Novembala mnzake.

Kubisa mphamvu kapena kuzikokomeza. Wonena kuti "ine ndine wongoyamba" kenako n'kusiya gulu lonse amataya chikhulupiriro cha anzake. Wodzitama kuti amatha mphindi 5 pa kilomita asanayesepo amathera pa kabaza.

Kupereka malangizo osafunsidwa. Mlendo wabwera tsiku loyamba, anthu anayi amuuza kale za nsapato, za kapumidwe ndi za zakudya. Dikirani afunse.

Kusandutsa ulendo wautali wa Loweruka kukhala mpikisano. Okonzekera makilomita 21 kapena 42 amafunika maola panjira, osati liwiro. Mukapsereza mphamvu Loweruka, Lachiwiri miyendo imakhala idakali yolemera, ndipo kuvulala kwa mawondo ndi misong'olo kumayambira pamenepo.

Kuumirira njira yakale nyengo ya mvula. Kuyambira Disembala mpaka Malichi mtsinje wa mchenga wouma ngati Mwanza umatha kudzaza ndi madzi ochokera kumapiri kuno kusanagwe dontho, ndipo dothi lakuda la makande limamata kunsi kwa nsapato mpaka phazi kulemera. Khalani ndi njira yachiwiri ya pamtunda, ndipo madzi othamanga musawoloke ngakhale wina anene kuti ndi ofika m'mawondo.

Kuiwala amene wasowa. Munthu akajomba maulendo awiri otsatizana, wotsekera kumbuyo wa sabata imeneyo amuimbire foni yekha, osati kumufunsa pagulu la WhatsApp. Akanena kuti liwiro linamukulira, ulendo wotsatira muikeni pambali pa wotsogolera, makilomita awiri oyamba ayendere iyeyo.